Usiku ku Guangzhou: mukadyere ku Xiaobei, ku Beijing Road, kumtsinje, kapena kumene amadyera eni mzinda?

Vuto la usiku woyamba ku Guangzhou ndi tulo. Mwatsika ndege ku Baiyun mutachoka ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, mwafika kuhotela, mwasamba, mwadziponya pabedi, koma maso ali gwa. Wotchi ikuti 10 koloko usiku pomwe thupi likuti ikadali 4 koloko masana, chifukwa China ili patsogolo pa Malawi ndi maola 6. Njala nayo imayendera wotchi yakwathu. Ndiye mumadzuka, kuvala nsapato, n'kudzifunsa kuti nditsike ndikadye kuti.

Ambiri a ife opita kukaoda katundu timayankha funsoli kamodzi kokha, usiku woyambawo, ndipo yankho lomwelo timakhala nalo mpaka tsiku lokwera ndege. Ine maulendo awiri oyamba ndinadya mumsewu umodzi, pakhomo limodzi, mpunga ndi nkhuku yomweyo, n'kubwerera kumudzi kukauza anthu kuti zakudya za ku China ndi zovuta. Ndinali ndisanazilawe n'komwe. Za masana sindikambapo, masana ndi a geni. Pano tikambe za maola apakati pa 6 koloko madzulo ndi 2 koloko m'bandakucha, ndi malo amene mlendo angasankhe.

Choyamba tichotse chithunzi cha chiwaya m'mutu. Mukamva zoti chakudya chamumsewu, musayembekezere mzere wa anyamata okazinga tchipisi m'mbali mwa msewu ngati pa depoti. Akuluakulu a mzinda amathamangitsa ogulitsa oyendayenda m'misewu ikuluikulu, choncho zambiri zimagulitsidwa m'timashopu ting'onoting'ono totsegukira kumsewu: mphika pakhomo, matebulo anayi mkati, timipando tapulasitiki panja. Ndipo kwa anthu a ku Guangzhou, kusangalala usiku kwenikweni ndi kudya. Ali ndi dzina la chakudya chodya usiku kwambiri, mgonero utadutsa kale. M'Chimandarini amati xiaoye, m'Chikantoni, chilankhulo cha eni Guangzhou, siu ye. Anthu amatuluka m'nyumba 11 koloko, atavala patapata, kukakhala pa tebulo mpaka 1 koloko.

Xiaobei: kunyumba kwa mlendo

Ngati wakutengani ndi ejenti kapena mnzanu wozolowera, mosakayika wakufikitsani kuno kapena ku Sanyuanli. Xiaobei ili pa Line 5 ya sitima yapansi. Pali nyumba yotchuka ya Tianxiu, imene amalonda a ku Africa ndi a ku Arabia akhala akugulamo katundu kwa zaka zambiri, ndipo kutsidya kwa njanji kuli kamsewu ka Baohan Zhijie, m'dera la Dengfeng.

Ubwino wa Xiaobei ndi wosabisika. Mukalankhula Chingerezi wina akumvani, ndipo m'khutu mumalowa Chiswahili, Chifalansa, Chiarabu, nthawi zina Chibemba kapena Chichewa chimene. Ndalama zapamanja amalandira mosanyinyirika. Kwa Asilamu, kuno ndiye kopumira, chifukwa makomo ambiri ali ndi chikwangwani chobiriwira cha halal, chimene Atchaina amachitchula qingzhen. Kanyenya wa nkhosa wa anthu a ku Xinjiang, wowaza chitowe ndi tsabola, wodyera buledi wawo wophwatalala wotchedwa nang, ndi chakudya chimene Mmalawi aliyense angachimve kukoma pa kuluma koyamba. Palinso timalesitanti ta Lanzhou lamian, kumene mnyamata amakoka mtanda ndi manja mukuona mpaka usanduke tizingwe, n'kuuponya mu msuzi wa ng'ombe. Ndi chotsika mtengo, chotentha, chokhutitsa. Ndipo mukafunsa bwino, wina akulozerani kumene amayi a ku East Africa kapena ku West Africa amaphika m'nyumba zam'mwamba, kopanda chikwangwani. Kumeneko kuli ugali, amene ndi nsima yathu yomwe koma yolimbirapo, ndi fufu, ndi jollof.

Kuipa kwake nakonso kulipo. Nsima ya ku Xiaobei mumaigula mtengo wa chinthu chosowa, kuposa chakudya chabwino cha eni dziko. Apolisi amayendayenda kwambiri kuno kuposa madera ena ndipo kufunsidwa pasipoti si chachilendo. Amene anapitako kalekale amakamba za Baohan Zhijie yodzaza ndi ogulitsa mpaka m'mawa, koma kuyambira cha m'ma 2014 boma linayamba kukonza ndi kukhwimitsa malamulo m'derali, kenako mu April 2020, nthawi ya COVID-19, anthu ambiri a ku Africa anatulutsidwa m'nyumba ndi m'mahotela mumzindawu, nkhani imene inafika mpaka kwa akazembe. Derali lilipobe, koma si lija la m'nkhani za akuluakulu.

Chimene chimanditopetsa ine ndi china. Pa tebulo la ku Xiaobei ntchito siitha. Mwangoluma nyama, wina wayamba za mtengo wa kontena, wina za dola, wina akufuna mumunyamulire kachikwama kopita kwa mlamu wake ku Blantyre. Kachikwamako kanani, ngakhale mwini wake akhale wa mpingo wanu. Komanso zimene mukudya kuno, zokoma zili apo, si chakudya cha ku Guangzhou. Ndi cha alendo anzanu.

Sanyuanli, pa Line 2, ndi chimodzimodzi, kungoti kumachuluka anzathu a ku Nigeria ndi malonda a zovala ndi nsapato. Ngati mukugona kumeneko, zimene ndanena za Xiaobei zikukhudzaninso.

Beijing Road: kwa maso ndi zithunzi

Uwu ndi msewu wa oyenda pansi okhaokha pakati pa mzinda wakale. Mumatsikira pa siteshoni ya Beijing Lu pa Line 6, kapena pa Gongyuanqian pomwe pamakumana Line 1 ndi Line 2. Magetsi ali ngwee, masitolo a zovala mbali zonse, achinyamata ali pikitipikiti. Pakati pa msewu pali magalasi pansi, ndipo mukasuzumira mumaona misewu yakale yosanjikizana, ina ya zaka pafupifupi 1,000, imene anaifukula mu 2002 pokonza msewuwu. Chapafupi pali kachisi wa Dafo amene usiku amamuyatsa magetsi, ndipo aliyense amaima pomwepo kujambula.

Kwa munthu amene ndi ulendo wake woyamba, kapena mayi amene ali yekha ndipo akufuna malo owala, odzaza anthu, osavuta kupeza njira, Beijing Road ndi poyambira pabwino. Koma chakudya cha pamsewu waukuluwo ndi cha odutsa: nyama zam'nyanja zobaya pa kamtengo, tiyi wamkaka wa timibulu, ndi tofu wonunkha uja amene fungo lake limakupezani musanamuone. Tofuyo kwawo ndi ku Changsha, ndipo zambiri za pamenepa mungazipeze mumsewu wotere mumzinda uliwonse wa China. Mtengo ndi wa alendo.

Nzeru ndi kukhota. Lowani mu Huifu Dong Lu, kapena yendani pang'ono mpaka Wenming Lu. Ku Wenming Lu kuli timashopu ta tangshui, kutanthauza madzi a shuga: phala lozizira kapena lotentha la nyemba zofiira, la chitowe chakuda, la mango ndi timibulu ta sago. Nyemba zothira shuga zimamudabwitsa Mmalawi, ine ndinaseka nditaziona, koma usiku wotentha wa mwezi wa June mbale ya nyemba zobiriwira zozizira imatsika bwino kuposa botolo la zoziziritsa kukhosi. Mumsewu womwewo muli malo otchuka ndi msuzi wa nkhuku wophikira m'chikho cha kokonati. Mukaona mzere wa anthu atanyamula timapepala ta manambala, mwafika.

Masitolo a Beijing Road amayamba kutseka cha m'ma 10 koloko, choncho si malo a munthu wofuna kuchezera.

Liwan: chakudya chenicheni, koma chogona msanga

Kumadzulo kwa mzinda kuli dera lakale la Xiguan, m'boma la Liwan, ndipo msewu wake wodziwika ndi Shangxiajiu. Pa Line 1 mumatsikira pa Changshou Lu kapena Huangsha. Nyumba za kuno zili ndi makhonde ophimba njira ya oyenda pansi, amazitcha qilou, moti ngakhale mvula ikugwa mumayenda osanyowa. Mumzinda umene mvula imagwa mwadzidzidzi kuyambira April mpaka September, amene anamanga choncho anaganiza bwino.

Kuno ndiye kuli mayina akale. Taotaoju inayamba mu 1880, Lianxianglou mu 1889, Guangzhou Restaurant mu 1935. Amenewa ndi malo a dim sum, timbale ting'onoting'ono todyera tiyi, ndipo ngakhale mwambo wake ndi wam'mawa, malo ambiri amagulitsanso madzulo. Koma mlendo wa thumba lopepuka asathamangire zitseko zikuluzikuluzo. Zokoma zili m'timisewu tam'mbali monga Baohua Lu ndi Dishifu Lu.

Yambani ndi changfen. Ndi ufa wa mpunga wosungunula, wothira pa thireyi, wophika ndi nthunzi mpaka ukhale ngati kansalu kopyapyala, n'kuupinda muli dzira kapena nyama ya ng'ombe, pamwamba msuzi wa soya wotsekemera pang'ono. Amaphika mukuona, mphindi ziwiri zokha, ndipo mbale siifika ma yuan (ndalama ya ku China) 20 m'malo wamba. Kenako niuza: zam'kati za ng'ombe, chifu, matumbo, mapapo, zophika nthawi yaitali ndi mpiru woyera wautali uja, zodula ndi sizasi n'kuika m'kambale. Munthu amene anakulira nthumbwana ndi mang'ina sangachite nazo mantha, ndipo ndinganene kuti pa zonse za mumzindawu chimenechi ndicho chili pafupi kwambiri ndi lilime lathu. Pa Baohua Lu pali kashopu kakale ka Chen Tianji kotchuka ndi khungu la nsomba lozizira, losakaniza ndi mtedza, anyezi ndi jinja. Limachita khrupu khrupu m'kamwa. Sindinalikonde ulendo woyamba, wachiwiri ndinamaliza mbale. Potsiriza pitani ku Nanxin mukadye shuangpinai, mkaka wophika ndi zoyera za dzira mpaka ugwirane ngati kasitadi.

Mukakhuta, yendani mu Enning Lu mpaka Yongqingfang, dera lakale limene analikonzanso, lokhala ndi ngalande ndi nyali. Mkati mwake muli nyumba ya makolo a Bruce Lee. Ife amene tinakulira m'mavidiyo sho, tikulipira makobidi kuti tione karate, kuima pakhomo limenelo kumatichititsa kanthu, ngakhale usiku mumapeza atatseka.

Vuto la Liwan ndi limodzi: timashopu takale timatseka msanga, tina 9 koloko isanakwane bwino. Kuno bwerani molunjika kuchokera kumsika, 6 koloko, osadzera kuhotela. Chachiwiri, nkhumba ili paliponse ndipo siidzionetsa. Ili mu wonton, timitanda ta ufa tokulunga nyama mkati, ili mu msuzi, ili m'mafuta okazingira. Msilamu kapena wa Seventh Day asadalire maso. Lembani pa foni mawu akuti "wo bu chi zhurou", sindidya nkhumba, m'zilembo za Chitchaina, muzionetsa. Komabe kunena zoona, m'kashopu ka mphika umodzi mawuwo sakutsimikizirani kanthu. Amene lamulo la chakudya amalisunga mosaphonya ndi bwino ayende kuno kuti aone, adye zotsekemera, koma mgonero akadye komwe kuli chikwangwani cha qingzhen. Malo otere aliponso pafupi ndi mzikiti wa Huaisheng pa Guangta Lu, umodzi mwa mizikiti yakale kwambiri m'China, pakati pa Liwan ndi Beijing Road.

Dapaidang: kumene ndimapita ine

Mukandifunsa kuti pa zonsezi ndisankhe chimodzi, ndisankha ichi. Dapaidang ndi lesitanti yopanda ulemerero: matebulo ozungulira oyala pulasitiki, mafani akuluakulu, matanki a nsomba zamoyo pakhomo, ndi wophika amene moto wake umalira ngati ndege. Zilipo m'madera ambiri, koma msewu wodziwika ndi kudya kwa usiku ndi Baoye Lu, m'boma la Haizhu, kumwera kwa mtsinje. Kumeneko 11 koloko ndiye kukuyamba kutentha.

Mukakhala pansi amabweretsa mbale, kapu ndi supuni zokulunga m'pulasitiki, ketulo ya tiyi, ndi beseni lopanda kanthu. Tiyi woyambayo si wakumwa. Mumatsukira mbale ndi timitengo todyera, n'kukhuthulira m'beseni. Ine ndinamwa. Tebulo loyandikana nalo linayesetsa kusaseka, koma gogo wina analephera, ndipo ndi yemweyo anabwera kudzandionetsa. Safunsa anadya phula. Wina akakuthirirani tiyi, gogodani tebulo ndi zala ziwiri, ndiko kuthokoza kwawo. Woperekera zakudya mumamuitana kuti liangzai ngati ndi mnyamata, liangnü ngati ndi mtsikana, mwini malo ndi laoban, ndipo pofuna kulipira mumati maidan. Pa bilu mupezapo ndalama yochepa ya tiyi pa munthu aliyense, nthawi zina ndi ya timapepala topukutira. Si kuba, ndi mmene amachitira. Ndalama yothokoza woperekera sapereka, mukasiya pa tebulo akuthamangirani nayo.

Zoti muitanitse: ganchao niuhe, tizingwe tampunga tophwatalala tokazinga ndi ng'ombe pa moto waukali, timene Akantoni amayesera luso la wophika. Shaguo zhou, phala la mpunga la mumphika wadothi lophikira nkhanu kapena shirimpi, lochokera kwa anthu a ku Chaoshan, dera la kum'mawa kwa Guangzhou. Musalione ngati phala la wodwala, mphika umodzi umakwanira anthu atatu kapena anayi ndipo mumakanganirana chotsalira. Oyisitara wootcha wothira adyo wambiri. Biringanya lootcha lathunthu, long'amba pakati. Masamba a choy sum kapena kholowa wa mbatata wokazinga ndi adyo, inde kholowa yemweyu, kuno amamulemekeza. Nkhono zam'madzi zokazinga, zimene mumachita kuyamwa, ndi za anthu odekha, ndipo ndi zimene zimachedwetsa anthu pa tebulo mpaka usiku kwambiri. Chomwera ndi Zhujiang, mowa wa mumzinda momwemo, wopepuka, wobwera m'mabotolo akuluakulu ndi timatambula ting'onoting'ono. Phokoso limene mukumva kumatebulo ena ndi la madayisi m'makapu, masewera onamizana manambala, wogonja amamwa.

Anthu kwathu amafunsa za agalu ndi njoka. Palibe amene angakubisireni nyama yotero m'mbale ya ng'ombe, chifukwa kumene imapezeka ndi yodula ndipo amaitanitsa ndi oifuna. Ndiponso kuyambira February 2020 China inaletsa kudya nyama zakutchire zapamtunda. Chimene chingakupezeni ndi ichi: pulogalamu yomasulira pa foni ikakuuzani kuti "nkhuku yam'munda", dziwani kuti ndi chule. Amamutcha tianji. Ife odya mbewa ndi ngumbi tilibe poyambira kunyoza, koma ndi bwino munthu kudziwa chimene waitanitsa. Za tsabola musade nkhawa, chakudya cha Chikantoni sichiwawa. Owawitsa ndi a ku Hunan ndi Sichuan, ndipo mukalowa kwawo nenani kuti "bu yao la".

Msampha weniweni wa dapaidang ndi sikelo. Nsomba, nkhanu ndi shirimpi zamoyo amagulitsa pa jin, ndipo jin imodzi ndi magalamu 500. Mtengo wolembedwa pa thanki ndi wa jin, osati wa nsomba yonse, osati wa kilo. Tsiku lina tinaloza nsomba yaikulu tikuganiza kuti nambala ili apoyo ndi yonse, bilu itabwera tinangoyang'anana. Sanatibere, tinadzibera tokha. Muziti aike pa sikelo mukuona, alembe mtengo wonse pa kakyuleta, kenako ipite kukhitchini.

Dapaidang siikoma uli wekha. Mbale zake ndi zogawana, ndipo munthu mmodzi amalipira zambiri n'kulawa zochepa. Mukhale atatu kapena anayi, mugawane bilu, mupeza kuti aliyense walipira zosasiyana kwambiri ndi mbale ya nsima ya ku Xiaobei. Chingerezi kulibe, ndipo mwina mudzakhala anthu akuda nokha mumsewu wonse. Ena amayang'ana, ana amaloza, wina apempha chithunzi. Kwa ine sizinapitirirepo pamenepo, koma tsiku limene mwatopa ndipo simukufuna kukhala chionetsero, zimalemera.

Mtsinje: kulipira zambiri, zochepa, kapena osalipira

Mtsinje wa Pearl, umene eni ake amati Zhujiang, umadutsa pakati pa mzinda, ndipo usiku milatho ndi nyumba zam'mbali zimayaka mitundumitundu. Pali njira zitatu zouonera.

Yoyamba ndi sitima za alendo zonyamukira pa madoko monga Tianzi, kumunsi kwa Beijing Road, ndi Dashatou. Ulendo ndi wa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo mtengo umatengera sitima ndi malo okhala, apamwamba poyera ndiwo odula. Ngati mwabwera ndi akazi anu kapena amuna anu, kapena ndi ulendo umene simudzabwerezanso, kwerani, zithunzi zake ndi zabwino. Chakudya cham'sitimamo chisiyeni. Yachiwiri ndi mabwato wamba amene anthu amakwera popita kuntchito, owoloka mtsinje pa mtengo wa ma yuan ochepa chabe, wofanana ndi wa sitima yapansi. Alibe nyimbo kapena wofotokozera, ndipo ambiri amasiya kuyenda madzulo kusanade kwambiri, choncho ndi a nthawi ya chisisira. Yachitatu ndi miyendo yanu. Tsikirani ku Zhujiang New Town, yendani mu Huacheng Square, bwalo lalikulu lopanda galimoto, ndipo Canton Tower ili patsogolo panu kutsidya, mamita 600 kutalika, yotsegulidwa mu 2010 masewera a Asian Games atatsala pang'ono kuyamba. Eni ake amaitcha Xiaomanyao, kachiuno kowonda, ndipo mukaiona mumvetsa. Kuchokera pa chilumba cha Ersha pali mlatho wa oyenda pansi wa Haixin, wotsegulidwa mu 2021, wokufikitsani tsidya la nsanjayo.

Kukwera nsanjayo ndi kodula, ndipo mukakhala pamwamba pake chinthu chokongola kwambiri mumzindawo simuchiona, poti mwachiponda. Ine ndimakhutira ndi pansi. Fikani 10 koloko isanakwane chifukwa magetsi okongoletsawo sachezera usiku wonse. Dera limeneli ndi la maofesi ndi mamolo, chakudya chotsika mtengo n'chosowa, ndiye bwerani mutadya kapena mukadye mukachoka.

Mabala, Party Pier ndi KTV

Ofuna nyimbo ndi kuvina amapita ku Party Pier, m'mbali mwa mtsinje chakufupi ndi Pazhou, pamalo a fakitale ya mowa wa Zhujiang. Kuchokera pa Canton Tower pali tiramu yokafika pomwepo. Malo ndi okongola, mphepo ya mtsinje, nsanja ikuoneka. Koma botolo limodzi kumeneko mungagule nalo angapo ku dapaidang, ndipo m'makalabu ambiri tebulo lili ndi ndalama yoyambira imene muyenera kuimwera, mufune musafune. Funsani musanakhale. Nthawi ya Canton Fair, chionetsero chachikulu cha malonda, kuyambira pakati pa April mpaka kumayambiriro a May ndiponso pakati pa October mpaka kumayambiriro a November, kumadzaza alendo ndipo zonse zimakwera, kuyambira mahotela.

KTV ndi chipinda chotsekeka chimene gulu limachita lendi kuti liziimba lokha. Mwini fakitale akakuitanirani kumeneko, ndi ulemu ndipo ndi mbali ya geni. Pitani, imbani nyimbo imodzi, koma mawu akuti ganbei amatanthauza kugugudiza kapu yonse, ndipo baijiu ndi kachasu wovala suti. Ngati simumwa, nenani poyambirira penipeni, amamva. Choipa ndi kuyamba kenako n'kufuna kusiyira panjira. Za mitengo ya katundu musagwirizane usiku umenewo.

Apa mpofunika kunena mosapsatira. China siseka pa nkhani ya mankhwala ozunguza bongo, chamba chomwe, ndipo ozembetsa amatha kuweruzidwa kuti aphedwe. Apolisi nthawi zina amalowa m'mabala n'kuyeza anthu mkodzo. Ndewu ya kubala ingakugonetseni m'chitokosi mpaka masiku 15 popanda kupita kukhoti. Timakadi ta zithunzi za atsikana timene amalowetsa pansi pa chitseko cha hotela ndi njira ya akuba ndi oopseza, ndipo uhule ndi woletsedwa. Viza ikatha mukadali m'dzikomo, chindapusa ndi ma yuan 500 pa tsiku. Kwa munthu amene wanyamula mpamba wa banja lonse, mwinanso ndi wa banki mkhonde, bala ndiye njira imene phindu lake ndi lochepa kuposa zonse ndanenazi. Sindikuletsa, ndikungowerengera.

Zimene zimasankha m'malo mwanu

Nthawi zambiri chimene chimamubweza munthu ku Xiaobei si kukonda, koma foni. Ku China pafupifupi aliyense amalipira ndi Alipay kapena WeChat Pay, ngakhale wogulitsa chimanga chootcha. Kuyambira 2023 mapulogalamu awiriwa amalola kulumikiza khadi lakunja la Visa kapena Mastercard, ndipo pa zogula zosapitirira ma yuan 200 sadula kanthu. Konzani zimenezi musananyamuke, ndipo funsani kubanki kwanu ngati khadi lanu likuloledwa kulipira kunja ndi malire ake, poti nkhani ya ndalama zakunja kwathu mukuidziwa. Ndalama zapamanja ndi zovomerezeka ndithu, koma wa kashopu akhoza kusowa chenji cha 100, ndiye sungani ma 10 ndi ma 20.

WhatsApp, Facebook ndi Google sizigwira pa intaneti ya ku China. Mapu odalirika ndi Amap, ndipo galimoto mumaitana pa Didi, imene ilinso mkati mwa Alipay. Sitima yapansi imayambira ma yuan 2, ndi yoyera, zikwangwani zili ndi Chingerezi, koma yomaliza imadutsa cha m'ma 11 koloko, kutengera njira ndi siteshoni. Choncho Beijing Road, Liwan ndi mtsinje ndi za sitima, pomwe Baoye Lu ndi Party Pier muwerengeretu ya Didi pobwerera. Tengani kakhadi ka hotela kolembedwa m'Chitchaina. Pasipoti iziyenda nanu, lamulo limatero. Nambala ya apolisi ndi 110, ya ambulansi 120. Madzi apampopi samwa osawiritsa.

Za m'mimba, lamulo langa ndi la pachiwaya lomwe lija: idyani pomwe pali mzere wa eni dera, chophikidwa mukuona, chotentha. Oyisitara wosapsa ndi nkhanu zaziwisi zoviika mu msuzi, zimene a ku Chaoshan amazikonda, zisiyeni ngati mawa muli ndi msika. Mukadya zootcha zambiri, Akantoni amati thupi latentha, ndipo mankhwala ake ndi liangcha, tiyi wazitsamba wogulitsidwa m'timashopu ta mitsuko pakhomo. Wam'chitini wa Wanglaoji ndi wotsekemera. Wa mumtsuko amawawa ngati nimu, ndipo amakupatsani kachidutswa ka khungu la lalanje louma kuti mutsukire m'kamwa.

Ndikanakhala ndi mausiku anayi, woyamba ndikanadyera ku Xiaobei osachita manyazi, chifukwa thupi lotopa ndi ndege silifuna maphunziro. Wachiwiri Liwan, molawirira, kuyambira changfen kukathera kwa Bruce Lee. Wachitatu Wenming Lu, kenako kuyenda m'mbali mwa mtsinje magetsi asanazime. Wachinayi, katundu atalowa kale kuweyahausi ndipo malisiti ali m'thumba, ndikanasonkhanitsa anzanga atatu, mmodzi wodziwa kuwerenga sikelo, n'kupita ku Baoye Lu. Ndege ya ku Addis Ababa imanyamuka pakati pa usiku, ndiye usiku wachinayiwo usakhale wa tsiku lonyamuka.